Tsiku Limene Ndinayetsemulitsa Apongozi

Ana anga amadziwa kuti kuchokera tsiku limene ndinakaonekera kwa makolo a mayi awo kufikira tsiku la ukwati panadutsa chaka chathunthu. Chimene sadziwa ndi chifukwa chake. Akandifunsa ndimayankha nkhope ili gwa kuti, "Achishona sakwatitsa mwana mothamanga." Limenelo ndi bodza la nkhalamba. Anthu aja anali atasesa kale pabwalo kuti andilandire. Amene anasokoneza zonse ndine, pamodzi ndi chidutswa cha muzu chosaposa chala changa chamkombaphala. Popeza onse amene akanandiyalutsa anatsogola, ndiloleni lero ndidziyalutse ndekha.

Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili mnyamata wa ndevu zongoyamba kumera, papurazi ina ya fodya kufupi ndi Shamva, ku Rodeshiya. Makolo anga anachokera ku Dedza wapansi, koma ine ndinabadwira m'komboni momwemo, moti Nyasalande ndinkangomudziwira m'nyimbo za amayi. Komboni imeneyo ndimailotabe: tinyumba taudzu tothithikana, chitsulo cha pulawo chopachikidwa pamtengo chimene kapitawo ankamenya kusanache, mzere wa phoso Loweruka, aliyense ndi kathumba kake ka ufa ndi kachitini ka nyemba. Lamulungu m'mawa tinkaimba kwaya m'katchalitchi kathu ka mitengo, masana ng'oma za gule n'kumalira kutsidya kwa dambo, ndipo panali amuna ena amene mawu awo unkawamva konsekonse (maina sinditchula, ana awo ndi abusa tsopano). Tinali amphawi, inde, koma sindikumbuka munthu amene anadyapo atatseka chitseko.

Ntchito yanga inali yosonkha moto m'mabalani owumitsira fodya. Amene sanaigwirepo asandiuze za kutentha. Kutsogolo moto, kumsana mvula ya Febuluwale, utsi m'maso, tulo ta apo ndi apo. Chaka chimenecho unandigwira mutu waching'alang'ala, mbali imodzi yokha, ngati wina akukhoma msomali kuseri kwa diso. Timapilitsi toyera timene mkazi wa mzungu ankagawa pakhonde la kukhitchini tinkangoutekenya.

Amene anandiona ndikuyenda nditagwira mutu anali a Jailosi, oyendetsa ngolo ya ng'ombe, mtchona wa ku Ntcheu amene anakalambira ku Rodeshiya n'kukwatira mkazi wachishona. Ndinkawatcha malume, ngakhale ubale wake unali wa m'komboni basi. Anali mkulu wa mpingo, ndipo ukafuna kuwakwiyitsa unkangowatcha sing'anga. "Ine si sing'anga," ankatero. "Ine ndimangodziwana ndi mitengo imene Mulungu adadzala."

Tsiku lina masana ananditengera m'munsi mwa kaphiri, nakumba pansi pa kamtengo kena kooneka ngati kopanda ntchito. Atangodula muzu, fungo lake linandimenya, lozizira koma lolasa, longa la mafuta aja amene osewera mpira amapaka m'miyendo masiku ano.

"Uwu ndi bwazi, mphwanga. Achishona amati mufufu," anatero akupala khungwa la muzuwo ndi mpeni. "Uumitse, upere, ukoke m'mphuno. Koma tcherani khutu, inu anyamata amakono. Muyeso wake ndi uwu." Anandionetsa nsonga ya chikhadabo cha chala chawo chaching'ono. "Usapose apa. Usatafune, usawiritse n'kumwa. Mayi woyembekezera asaukhudze. Munthu wa mphumu usam'patse ngakhale atakugwadira. Muzu umenewu unaikitsa m'manda anthu amene ankati akudzichiritsa."

"Ndamva, malume."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mutu?"

"Mutuwo ndi umene ukupweteka, malume."

Anaseka, nandipatsa. Ndipo zoona, nditakoka kachikhadabo kamodzi ndinayetsemula katatu, misozi inatuluka, msomali uja n'kuzuka. Sindikudziwa ngati unali muzuwo kapena kuti ntchito ya m'mabalani inali ikutha, koma kuyambira pamenepo bwazi ndinayamba kumukhulupirira mopitirira muyeso. Chidutswa chotsalacho ndinachisomeka kudenga.

Tsopano ndinene za Marita. Iye ankachokera kumidzi ya Achishona ku Madziwa, ndipo ankabwera papurazi nyengo yosankha fodya kudzamanga masamba m'timitolo. Anali wamfupi, wamanja othamanga, wapakamwa pothamanga kuposa manjawo. Tsiku loyamba kumulankhula anandiseka Chishona changa mpaka kapitawo anatiyang'ana. Ine ndinatenga kuseka kumeneko ngati chilolezo, ndipo sindinalakwitse. Pofika Juni tinali titamvana kuti ndikaonekere kwa makolo ake.

Vuto linali lakuti kwawoko ife sitinkawerengedwa. Ankatitcha Manyasarande, anthu opanda ng'ombe, opanda mudzi woti ungauloze ndi chala. Choopsa kuposa zonse, mbiri inali ponseponse yakuti ndife akatswiri a mankhwala oipa, kuti Mnyasa akakuyang'ana mokwiya umadzuka mwendo utatupa. Marita anali atachita kuwanyengerera atete ake (ndiye kuti azakhali) miyezi iwiri kuti akawafewetse mtima bambo ake, a Mhofu. Anandichenjeza yekha: "Mukakalakwitsa kamodzi, inu, basi. Kuli mnyamata wa ng'ombe zisanu ndi zitatu akungodikira kuti mupunthwe."

A Jailosi anavomera kukhala munyai wanga, munthu woyankhula m'malo mwa mkamwini, poti Chishona ndi miyambo yake ankazidziwa ngati njira ya kudambo. Anandiuza kuti ndikonze kachitini ka fodya wapamphuno, chifukwa akuluakulu akumeneko nkhani saiyamba m'mphuno muli mouma. Nditamufotokozera Marita, anangoti kukamwa tsee.

"Fodya wa papurazi? Baba amati ameneyo ndi masamba a mbatata. Iwo amalima wawo wakuda, woti ukakoka umaona makolo ako."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ine, munthu wogona ndi fodya, wodzuka ndi fodya, ndikapereke masamba a mbatata? Ndinatola zinyenyeswa zabwino koposa, ndinakazinga paphale, ndinapera pamphero ya amayi, ndinathira phulusa la zitsononkho monga ndinkaonera ena akuchita. Ineyo fodya sindinkakoka (tenala wa kwaya amasamala pakhosi), choncho ndinakapatsa mayi wina woyandikana nafe kuti alawe. Anakoka, anadikira, anakokanso.

"Ndi wabwino, mwanawe," anatero. "Koma ndi waulemu kwambiri. Akulowa mogogoda."

Nditabwerera m'nyumba maso anga anakwera okha kudenga. Akulu amati safunsa adadya phula, ndipo nyumba ya a Jailosi inali yachinayi kuchokera pa yathu. Sindinapite. Ndinatsitsa muzu uja, ndinaupera, n'kuyamba masamu anga a Sitandade 3. Muyeso ndi chikhadabo chimodzi pa munthu mmodzi. Akuluakulu mwina akakhala asanu ndi mmodzi, ndiye zikhadabo zisanu ndi chimodzi. Koma mphuno za ozolowera fodya wakuda ndi zokhakhala, ndiye tiwirikize. Nanga akabwera oyandikana nawo? Tiwonjezere. Nditamaliza kuganizira aliyense, muzu unali utathera m'kachitini, ndipo fodya anali atasanduka wotuwa. Ine chimfine cha Juni chinali chitanditseka mphuno, moti sindinamve kanthu. Ndinatseka zolimba, ndinakulunga m'kansalu, ndinamanga mfundo ziwiri, n'kukapereka kwa a Jailosi ndi manja awiri. Iwo anangoponya m'thumba la jekete.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa panjinga ziwiri, ine nditavala malaya oyera obwereka kwa mphunzitsi. Njira yonse a Jailosi ankandiphunzitsa katekisimu.

"Tikafika, nsapato uvule. Ukhale pansi kumbuyo kwanga, pafupi ndi khomo. Maso pansi. Ndikaomba m'manja, iwenso omba. Apongozi suwayang'ana kumaso, suwalankhula. Chilichonse chidzere mwa ine."

"Nanga akandifunsa kanthu?"

"Amafunsa ine. Iwe lero ulibe pakamwa. Ngakhale linthumbu likulowe m'buluku, ufe nalo chete. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mphwanga, wapachala ndi wamphepo. Mtsikanayu adakali pachala."

Anatilandira bwino, kuposa mmene ndinkayembekezera. Anatilowetsa m'nyumba yozungulira yophikira, mmene Achishona amakambira nkhani zikuluzikulu. Amuna anakhala pachiguwa chadothi m'mbali mwa khoma, amayi pamphasa mbali inayo, pakati pali moto wa zikuni ziwiri. Marita munalibe, anali m'nyumba ina, kudikira kuitanidwa. Ine maso pansi, ndinkangowerenga mapazi. A Mhofu ndinawazindikira ndi mawu awo okhuthala. Atete ndinawazindikira ndi kuseka. Mapazi aakulu osakhazikika anali a Tapera, mchimwene wake wa Marita, amene sankandifuna n'komwe.

Kenaka ndinamva kaphokoso kena. Kanali kochokera pakona, kolira ngati mluzu wong'aluka, kulowa ndi kutuluka. Ndinaba diso. Panali nkhalamba yoonda yofunda bulangete, amene onse ankawatcha asekuru, mkulu wa banja lonselo. Kaphokosoko kanali kupuma kwawo. Pomwepo mawu a pakaphiri paja anandibwerera onse, limodzilimodzi: munthu wa mphumu usam'patse ngakhale atakugwadira. Thukuta linayamba kutsika m'malaya a aphunzitsi, mwezi wa Juni.

Ndinakanda a Jailosi kumsana. Anandikankha ndi chigongono. Ndinakandanso. Anandiponda chala osatembenuka, akupitiriza malonje awo okoma. Apa ndiye pamene ndimadziimba mlandu mpaka lero. Ndikanangotsegula pakamwa n'kunena kuti fodyayo musakoke. Akanandiyesa wopanda mwambo, mwina akanandithamangitsa, koma palibe akanavulala. Ine ndinasankha kuoneka waulemu. Lamulo la chikhadabo ndinaliphwanya osaphethira, koma la kukhala chete ndinalisunga ngati lochokera paphiri la Sinai.

Kachitini kanaikidwa m'mbale yamtengo, mbale n'kukankhidwira kwa a Mhofu. Anamasula mfundo zanga ziwiri zija, natsegula. Sanatape ndi zala monga timachitira ife. Anathira kamulu m'chikhatho chawo, kamulu m'chikhatho cha asekuru, ka Tapera, ka amuna ena awiri. Fungo linayenda pang'onopang'ono kudutsa pamoto mpaka linafika pamphuno ya a Jailosi. Ndinaona khosi lawo likuuma. Anatembenuka, nandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo diso limenelo ndidzapita nalo kumanda.

Anayesetsa, malume anga. Koma munyai sangodumphira mawu a eni mudzi. Amayamba waomba m'manja, n'kupempha malo oyankhulira. Anaomba mofulumira, nati, "Pamusoroi, vakuru..." Akulu aja anaganiza kuti akuwauza kuti alawe. Anagwedeza mitu mothokoza, onse pamodzi n'kukoka.

A Mhofu anatsegula pakamwa ngati akufuna kuyamikira. Maso anafiira. Ndiye, "Eeetsi!" Phulusa la pamoto linauluka mpaka pamphasa ya amayi.

Kumeneko munthu wamkulu akayetsemula atakoka fodya pamwambo, amayi amati mwina mzimu wa makolo ukufuna kuyankhula, ndiye amaulandira. Atete anayamba kuomba m'manja mwaulemu: "Svikai, svikai," kutanthauza kuti fikani. Asanamalize, Tapera naye, "Eeetsi!" Amayi anatembenukira kwa Tapera: "Svikai!" Wachitatu anayamba, wachinayi analandira. Manja a atete anayamba kuchedwa, chifukwa mizimu inayi kufika nthawi imodzi anali asanaionepo chibadwire. A Mhofu anali atafika kasanu ndi kawiri, chipewa chili pamoto. Nkhuku imene inkafungatira mazira kuseri kwa mitsuko inatuluka ikulira, n'kudzera pamutu panga. Mwana wina pakhomo anayamba kuseka, amayi ena n'kubisa nkhope m'nsalu.

Mpaka apa nkhaniyi ndimaiseka. Kuchokera apa sindiseka. Pakati pa phokoso lonselo ndinazindikira kuti kamluzu kaja kasiya. Asekuru sankayetsemula. Anali atatsamira khoma, pakamwa pali yasa, manja akukanda pachifuwa, mpweya osalowa. Aliyense anali otanganidwa ndi mphuno yake. Ndinaiwala katekisimu yense. Ndinadumpha moto, ndinawanyamula (anali opepuka ngati mtolo wa mapesi), ndinatuluka nawo panja ndikukuwa m'Chichewa kuti, "Madzi! Patukani, apume!"

Ndinawakhazika pamthunzi, a Jailosi akuwagwira mapewa kuti akhale tsonga, akuwapukuta m'mphuno ndi nsalu yonyowa. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ena ndinachita kupeka pomwepo. Kenaka kamluzu kanabwerera, kochepa, kenaka kokulirapo. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo, ngakhale m'kwaya yathu.

Nditadzutsa mutu ndinapeza mudzi wonse watizungulira, Tapera ali patsogolo ndi chibonga, mamina ali mbwee. Ankalankhula Chishona chothamanga, koma ndinamva chilichonse.

"Ndinanena ine! Manyasarande ndi anthu amankhwala! Wabwera kudzatipha tonse kuti atenge mtsikana ulere!" Anafuna kuwonjezera zina, koma kuyetsemula kunamudula.

A Jailosi anagwada pafumbi, munthu wa imvi zake, chifukwa cha ine. Anaomba m'manja nati, "Akuluakulu, si ufiti. Ndi mufufu. Ndinam'patsa ndine kuti achize mutu, ndipo muyeso ndinamuuza. Kuti wauthira m'fodya, ndadziwira limodzi ndi inu."

Atete anatola kachitini kaja, anakanunkhiza chapatali, nakwinya nkhope. "Ndi mufufu ndithu," anatero. "Tapera, tsitsa chibongacho. Mfiti imabisa mankhwala ake, siibwera nawo masana m'mbale n'kukhala pansi kudikira. Uyu si mfiti. Mfiti ili ndi nzeru kuposa apa."

A Mhofu anapukuta misozi, nayang'ana a Jailosi, osati ine. "Mufunseni munthu wanuyo. Anaganiza chiyani?"

Mwambo unali utabwerera, choncho ndinanong'oneza a Jailosi, iwo n'kumasulira mokweza, liwu lililonse likuwawawa pakamwa. "Akuti ankaopa kuti munganene kuti fodya wake ndi masamba a mbatata."

Amayi anaphulika kuseka. A Mhofu sanaseke. Anayang'ana ku nyumba imene munali Marita, chifukwa anadziwa kumene mawu awo anadzera. Kenaka anatenga kachitini kwa atete n'kukaika pansi patsogolo panga. "Ngati si poizoni, mwini wake alaweko. Kwathu kuno wophika amayamba ndiye."

Apa munthu wanzeru akanatapa kachikhadabo, n'kuyetsemula katatu, nkhani n'kutha. Koma ine ndinaona Tapera akundiyang'ana monyoza, ndinakumbuka mnyamata wa ng'ombe zisanu ndi zitatu, ndinaganiza kuti Marita akusuzumira pa kabowo. Ndinakhuthulira zonse zotsala m'chikhatho. A Jailosi anakuwa, "Mphwanga, chikhadabo!" Mawuwo anafika ine nditakoka kale, mphuno zonse ziwiri.

Chimfine cha milungu iwiri chinatseguka nthawi yomweyo. Moto unakwera m'mphuno, unadzera kuseri kwa maso, unakatulukira kunkhongo. Ndinayetsemula ndili chogwada, ndinayetsemula ndili chokwawa, ndinayetsemula ndili chafufumimba. Ana a m'mudzimo akuti ankawerenga mokweza mpaka manambala awo anatha. M'makutu munkalira mabelu, kummero kunkaotcha, zina zimene ndinameza zinabwerera pamodzi ndi tiyi wa m'mawa. Kenaka kamfuno anayamba, magazi n'kumatsikira pa malaya oyera a aphunzitsi. Palibe ananena kuti svikai. Ngakhale amayi anadziwa kuti mzimu wolemekezeka sungafikire mwa munthu wotere.

Ndili m'fumbi momwemo ndinamva mapazi akuthamanga, madzi ozizira khuthu pamutu panga. Anali Marita. Anatuluka osaitanidwa, pamaso pa bambo ake ndi akulu onse, chinthu chimene mtsikana wolongosoka sankachita. Anandigwira mutu, ananditsina mphuno ndi nsalu yake, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi.

"Benzi! Chitsiru cha munthu! Ndinakutumani kuti mukaphe asekuru? Tsopano mukufuna mudziphenso? Weramani, magazi angakutsamweni!"

Atete anayang'ana mchimwene wawo. "Mhofu," anatero, "ife tikuvutikiranji kukamba? Taonani nokha. Chitsiruchi chili ndi mwini wake kale."

Chigamulo chinabwera dzuwa litapendeka, ine nditagona pansi pa mtengo ndi chisanza chonyowa pamphumi. A Mhofu anati sakundikana, chifukwa amene anaona kuti asekuru akubanika ndine, koma sakundilandiranso, chifukwa amene anawabanikitsa ndine ndemwe. Ndipite, ndidzabwerenso chaka chamawa nyengo ngati yomweyo. Akadzamva kuti m'chaka chimenecho ndapatsa munthu wina aliyense muzu, tsamba kapena khungwa, ndisadzavutike n'kupopa njinga. Ndipo podzabwera, fodya adzagula okha.

Pobwerera a Jailosi sanandilankhule mpaka tinaona mabalani a papurazi. Pamenepo anaima, natsika panjinga. "Ndinakufunsa kuti wamva ndi makutu kapena ndi mutu," anatero. "Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuuza Achishona kuti sitili monga amatinenera. Iwe wagwetsa tsiku limodzi." Zimenezo zinandipweteka kuposa mphuno. Sanandipatsenso muzu wina uliwonse mpaka imfa yawo, ngakhale wa m'mimba. Malaya a aphunzitsi sanayerenso, moti ndinawalimira dimba lawo nyengo yonse.

Asekuru anagona sabata yathunthu chifuwa chikuwavuta, ndipo ine sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Atadzuka, ndinayamba kupita Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, kukawawazira nkhuni ndi kuwatungira madzi. Palibe anandituma. Poyamba Tapera ankandiyang'anira ndi chibonga chake, kenaka anayamba kundigwirira chipika, kenaka tinayamba kudyera mbale imodzi. Tsiku lina nkhalamba ija inandikodola, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali akumva.

"Muzukuru," inanong'ona, "kafodya kaja sikanatsaleko? Kachepe chabe. Kanali ndi ukali wake."

Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinakana. M'nkhani yonseyi ndi pokhapo pamene ndinachita chinthu chanzeru. Asekuru anandinena kuti ndine mkamwini woumira, koma chaka chitatha ndi iwo amene anauza a Mhofu kuti mwanayu walangika mokwanira.

Mphuno yanga ndiyo sinakhululuke. Miyezi itatu sindinkamva fungo lililonse, ngakhale la fodya m'balani. Adokotala ena atandiunika anapukusa mutu, nati ndinawotcha m'kati, nandifunsa chimene ndinakoka. Nditawauza muyeso wake anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira a Jailosi. Fungo linabwerera theka lokha. Utsi ndimaumva, nsomba youma ndimaimva, koma zonunkhira bwino zonse zinapita tsiku lomwe lija. Ndiye masiku ano ndikaona anyamata m'basi akugulitsa mizu yopera m'timabotolo, akulonjeza kuti ingothirani mmene mungafunire poti ndi zachilengedwe, ndimafuna kuwabwereka mphuno yangayi sabata imodzi. Muzu umene unandichotsa msomali m'mutu ndi womwewo umene unatsala pang'ono kupha asekuru. Unali mtengo umodzi, dzenje limodzi. Chinasiyana ndi chikhadabo.

Marita sanandilole kuiwala. Tinakhala zaka makumi anayi ndi mphambu, tinasamuka mapurazi atatu mpaka kudzakhazikika kuno ku Centenary, ndipo nthawi iliyonse ndikayetsemula, kaya ali kuseri kwa nyumba, kaya tili m'tchalitchi pakati pa ulaliki, ndinkamva manja akuomba pang'onopang'ono ndi kaliwu konong'ona: "Svikai." Ana ankadabwa kuti amayi awo akuseka chiyani, bambo n'kumachita manyazi. Mvula ikamayandikira, bwazi akachita maluwa ake ofiirira, ankathyola kanthambi pochokera kunkhuni n'kundiika pamphuno.

"Mukumva kununkhira?"

"Ndikumva."

"Bodza. Munamalizira zonse kwa baba." Akatero ankakhala pansi n'kumandifotokozera fungolo ndi mawu, mmene amafotokozera munthu njira ya kumudzi kumene sanafikeko.

Papita mvula zinayi chimuikireni. Ndimamusowa kwambiri, ndipo sindichita manyazi kunena. Kachitini kaja ndikali nako, kopanda kanthu, ndimasungiramo singano. Sabata yatha ndikusesa pakhonde fumbi linandilowa, ndinayetsemula kamodzi kakakulu, kofanana ndi ka a Mhofu. Ndinaima, tsache lili m'manja, khutu nditatchera kukhitchini. Ndinadikira ndithu, nkhalamba yopusa ine. Kenaka ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kudzinenera ndekha.